Kodi vortex ya laser tingaiteteze bwanji ku mpweya wosakhazikika?

Akatswiri anzanga, ndithandizeni nzeru. Kuwala kwa laser ya 1550 nm kokhala ndi vortex ya charge 3 (kuwala kooneka ngati mphete yokhala ndi kadontho kakuda pakati, komwe mafunde ake amapotana; charge ndi chiwerengero cha kupotanako) kukamadutsa kilomita imodzi pafupi ndi nthaka masana, mpweya wotentha ndi wozizira umakupindapinda. Kadontho kakuda ka pakati kamagawanika kukhala timadontho titatu ta charge 1, mphamvu n'kutayikira ku charge 2 ndi 4, makamaka kukula kwa kuwalako kukaposa r0 ya Fried (kukula kwa dera lomwe mpweya supinda kuwala kwambiri). Shack-Hartmann, chipangizo choyezera kupindika kwa kuwala, nayonso imasokonezeka pamalo pomwe phase (dongosolo la mafunde a kuwala) yaduka.

Kodi ndi bwino kutumiza kuwala kwa Gaussian (kopanda vortex) pa polarization ina (mbali ina yomwe mafunde amagwedezekera) kuti kuyeze kupindikako, galasi losinthika n'kukonza kuwala kwa Gaussian ndi kwa vortex komwe? Nanga D/r0 (kukula kwa kuwalako poyerekeza ndi r0) ikafika 3, galasilo lifunika ma actuator (tizipangizo tolipinda) angati? Zochepetsa kabowo kolandirira ndikuzikayikira, chifukwa zimadula mphete ya vortex.