Discovery 3 ikumagwada kutsogolo ikagona usiku, ndiyambire pati?

Disco_wa_ku_Zomba

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Galimoto ndi Land Rover Discovery 3 ya 2007, ya injini ya dizilo ya TDV6 ndi sasipenshoni ya mpweya, kompresa yopopa mpweyawo ikadali ya Hitachi. Ikagona usiku, m'mawa imapezeka itagwada kutsogolo mbali zonse ziwiri. Ndikaliza injini imadzuka koma mochedwa, kompresa n'kumalira nthawi yaitali. Nthawi zina padashibodi pamabwera uthenga wakuti "Suspension fault, normal height only", ndipo makina owerengera mavuto a galimoto akuonetsa khodi ya C1A20. Ndikufuna kukonza ndekha. Ndigule kompresa yatsopano, kapena ndingochotsa zonse n'kuikamo masipuling'i achitsulo?

Madala_Sipanala

Achimwene, ndalama za kompresa zikhale kaye m'thumba. C1A20 ikungonena kuti mpweya ukuchedwa kudzaza m'thanki yosungira mpweya wa sasipenshoni, sikunena chifukwa chake. Mukaika kompresa yatsopano pamene mpweya ukuthawabe penapake, nayonso idzagwira ntchito yosapuma mpaka kupsa. Yambani mwapeza pothawira mpweya.

Imikani galimoto pamalo afulati, ili pa msinkhu wake wa masiku onse. Yezani ndi tepi kuchokera pakati pa wilo mpaka pa mlomo wa madigadi, mawilo onse anayi, mulembe. Ikakhala bwino, kutsogolo kumakhala pafupifupi 466 mm, kumbuyo 485 mm. Mukatero zulani fyuzi nambala 26, ya 20A, m'bokosi la mafyuzi la ku injini, muisiye igone. Fyuziyo musaiwale kuzula, chifukwa kompyuta ya sasipenshoni imadzuka yokha ngakhale kiyi atachotsedwa. Ikaona ngodya imodzi yatsika, imatulutsa mpweya ku zinazo kuti zilingane, ndiye m'mawa simungadziwe kuti wolakwa ndi uti.

M'mawa yezaninso. Ngati yatsika ngodya imodzi yokha, vuto lili pa baluni ya wilo limenelo (thumba la mphira la mpweya lomwe lili m'malo mwa sipuling'i), pa paipi yake kapena pa valavu yake. Ngati kutsogolo kwatsika mofanana mbali zonse, kawirikawiri ndi valve block yakutsogolo, kabokosi ka mavalavu kogawira mpweya ku baluni, yomwe ili kudzanja lamanja kuseri kwa bampala. Mumaifikira mukachotsa wilo ndi pulasitiki ya m'kati mwa madigadi. Timphira ta O-ring m'kati mwake timauma kapena kulowedwa ndi ufa woyera, valavu n'kusiya kutseka bwino.

Thirani madzi a sopo wotsukira mbale ndi botolo lopopera pa zolumikizira mapaipi zonse, galimoto itakwezedwa pa msinkhu wa off-road (wapamwamba, woyendera m'misewu yoipa), mudikire thovu. Baluni za Discovery 3 zili m'chikopa cha aluminiyamu, choncho mphira wake suoneka wonse. Poperani pamwamba polowera paipi ndi m'munsi popindikira mphira, pamene pamakonda kung'aluka.

Chitsulo_cha_Njanje

Madala anena zoona. Ndiwonjezere za ufa woyerawo, pakuti apa ndi pamene ambiri amakonza theka la vuto.

Pa kompresa ya Hitachi pali kabotolo kotchedwa dryer, kodzaza ndi timikanda ta silika toyamwa chinyezi. Timikandati tikakalamba timanyenyeka n'kusanduka ufa. Ufawo umatseka masefa a m'kabotolomo, kompresa n'kumakankha movutikira, ndipo wina umayenda m'mapaipi mpaka m'mavalavu. Mukatsuka valve block yokha osakhudza dryer, pakapita miyezi vuto lidzabwerera. Chivundikiro cha pulasitiki cha kabotoloka chimakondanso kung'aluka pakati pa mabowo olowera mapaipi, ndipo mng'alu wakewo ndi wochepa kwambiri moti umaoneka ndi sopo basi.

Kompresa ili pansi, kumanzere kwa chesesi, patsogolo pa wilo lakumbuyo, m'chikuta cha pulasitiki. Imagwiridwa ndi mabawuti atatu pa bulaketi, ndipo lapamwambalo ndi lovuta kulifikira komanso limachita dzimbiri, makamaka pa galimoto zochokera ku UK kumene amathira mchere m'misewu nthawi yozizira. Lithireni mafuta omasulira dzulo lake. Mukaitsitsa, sinthani timikanda, masefa ndi chivundikiro cha dryer, kenako tsegulani mutu wa kompresa muone mphete ya pisitoni. Ikadyeka, mota imalira bwinobwino koma mpweya sufika pa mphamvu yofunika, yomwe m'thanki imapitirira 16 bar. Zida zonsezi zimagulitsidwa pamodzi m'paketi, ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi kompresa yathunthu. Koma ngati m'kati mwa silinda muli mikwingwirima yakuya, kapena bering'i ya pisitoni ikugwedera, musataye nthawi, imeneyo yatha.

Relay ya kompresa (kaswitchi koiyatsa ndi kuizimitsa), R7 m'bokosi lomwe lija la ku injini, isinthidwe nthawi yomweyo. Relay yakale imatha kumatirira, kompresa n'kumangolira osazima. Ndipo mukasankha kugula kompresa ya AMK m'malo mwa Hitachi, pamafunika bulaketi yake, mapaipi ake, komanso kusintha pulogalamu ya mu kompyuta ya sasipenshoni, chifukwa makompresa awiriwa sapirira kutentha mofanana.

Disco_wa_ku_Zomba

Zikomo kwambiri, akulu. Nanga pomasula mapaipi pali choti ndisamale? Jeke ndili naye mmodzi.

Mai_a_Garaja

Jeke mmodzi sakwanira, bambo. Galimotoyi imalemera pafupifupi matani awiri ndi theka, ndipo mukamasula paipi imatsika nthawi yomweyo. Musalowetse mutu kapena mkono pansi pake kapena pakati pa tayala ndi madigadi isanakhazikike pa masitandi achitsulo oikidwa pa chesesi. Njerwa ayi, zimaphwanyika.

Mpweya muutulutse kaye. Makina owerengera mavuto a galimoto ngati IIDTool kapena Nanocom ali ndi lamulo lophwetsera baluni ndi thanki. Ngati mulibe, masulani nati ya paipi pang'ono chabe, mpweya uzituluka mofwenkha mpaka utatha, kenako mumalize. Musanamasule, pukutani fumbi lonse pozungulira, pakuti kamchenga kamodzi kokha kakalowa mu valavu mwabweretsa vuto latsopano. Mapaipi ake ndi a 6 mm, zolumikizira ndi za mtundu wa Voss. Ikani chizindikiro cha tepi pa paipi iliyonse kuti ibwerere pabowo lake. Ngati kumapeto kwa paipi kwakandika, dulani pang'ono ndi mpeni wakuthwa, mowongoka, osati ndi pulayala yomwe imaiphwatalalitsa. Pomanga yambani ndi zala. Thupi la valve block ndi pulasitiki, mukalimbitsa mopitirira mazinga ake amadyeka. Timphira tatsopano tipakeni girisi wa silikoni pang'ono, osati girisi wamba, amene amatupitsa mphira.

Zikapezeka kuti baluni ndi yomwe yang'aluka, sinthani zonse ziwiri zakutsogolo, chifukwa zinakalamba limodzi. Bawuti lalitali logwira baluniyo m'munsi limamangidwa ndi sipanala yoyeza mphamvu pa 300 Nm, galimoto itaima pa mawilo ake pa msinkhu woyenera. Mukalimanga wilo likulendewera, bushi ya mphira yomwe bawutilo limadutsamo imakhala yopotoka ndipo sichedwa kung'ambika.

Madala_Sipanala

Za masipuling'i achitsulo zija, ine sindingakulimbikitseni. Mutaya mwayi wokweza galimoto pa msewu wokumbika kapena powoloka madzi, ikanyamula katundu izikhalira kumbuyo, ndipo muyenera kugulabe kachipangizo kapena pulogalamu yoti kompyuta isamadandaule. Zomwe mwafotokozazi zikuloza ku timphira ndi dryer, zinthu zotsika mtengo.

Musanatseke boneti yezaninso batire. Batire yofooka imabweretsa mauthenga abodza a sasipenshoni, chimodzimodzi switch ya magetsi a buleki yomwe ili pamwamba pa pedulo. Masensa oyeza msinkhu musawagwire ngati sanalakwe. Mukasintha imodzi, galimoto iyenera kuyezedwanso ndi makina pa manambala aja a 466 ndi 485. Mukamaliza kukonza, fufutani C1A20, zulaninso fyuzi 26 usiku umodzi, mutiuze manambala a mawilo anayiwo.