Kodi maluwa a kuchipinda amatilanda mpweya usiku?

Nachi_22
Anzanga ndithandizeni pa nkhani iyi. Ndili ndi timaluwa ta m'miphika pawindo la kuchipinda kwanga, ndiye mnzanga wina akuti ndizititulutsa usiku chifukwa akuti zomera masana zimakoka kaboni dayokisaidi koma kukada zimasintha n'kuyamba kukoka okosijeni, moti tsiku lina ndidzabanika ndili mtulo. Zoona zimenezi kapena akungondiopseza?

Sayansi_Basi
Mnzanuyo wasakaniza zinthu ziwiri achemwali. Chomera sichisintha kapumidwe kake usiku, okosijeni chimagwiritsa ntchito masana ndi usiku womwe ngati mmene timachitira ife, kungoti masana chimakhalanso chikupanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa ndiye okosijeni amene amatuluka pamenepo amachuluka kuposa amene chikudya, nchifukwa chake anthu amaona ngati masana sichipuma. Dzuwa likalowa kupanga chakudya kumaima, kumatsala kupuma kokhako.

Chimene ambiri amaphonya nchakuti kukoka mpweya ndi mphuno ndi mayendedwe chabe, ntchito yeniyeni imachitikira m'maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi. Okosijeni akalowa m'mapapo amatengedwa ndi magazi mpaka ku selo lililonse, kumeneko muli tizinthu totchedwa mitochondria ndipo ndi mmene shuga wa gulukosi amaphwanyidwa pang'onopang'ono, mphamvu yake n'kusungidwa m'timankhwala tonyamula mphamvu totchedwa ATP tomwe minofu, ubongo, mtima zonse zimagwiritsa ntchito. Zotsalira zake ndi madzi ndi kaboni dayokisaidi amene timatulutsa uja. Mitochondria yomweyo ilinso m'maselo a duwa lanulo, mu tsamba, mu tsinde mpaka mu mizu. Mbali ina ya ndondomekoyi anaifotokoza wasayansi wina dzina lake Hans Krebs mu 1937 ndipo mpaka lero imadziwika ndi dzina lake.

Za kubanika iwalani. Mpweya umene timakoka uli ndi okosijeni pafupifupi 21 peresenti, umene timatulutsa umakhalabe ndi pafupifupi 16, ndiye ngati munthu wamkulu amangotapako pang'ono chonchi kaduwa ka mu mphika kangamalize chani?

Jay_Kay
Kkkk ngati maluwa akukuopsani ndiye munthu amene mumagona naye chipinda chimodzi mumtulutsenso, ameneyo ndiye amatha okosijeni wambiri kuposa miphika yanu yonse kuphatikiza. Nanga nyama zogona m'nkhalango zowirira bwanji sizifa usiku?

MayiWaMaluwa
Ine ndinganene kuti amene ali pachiopsezo chobanika ndi duwalo osati inuyo. Mizu imapumanso, imatenga mpweya umene umakhala m'timipata ta pakati pa dothi. Mukamathirira daily mphika wopanda mabowo pansi timipata tija timadzaza madzi, mizu imasowa okosijeni n'kuyamba kuola. Mudzaona masamba akuchita chikasu, akufota chonsecho dothi lili lonyowa, ndiye munthu amaganiza kuti ndi ludzu n'kuwonjezera madzi ena, kumalizitsa kulipha. Mukalizula mizu imakhala yakuda, yofewa, yonunkha, pomwe yabwinobwino imakhala yoyera komanso yolimba. Pisani chala m'dothi musanathirire, likakhala lonyowa dikirani kaye.

Nachi_22
Zikomo nonse, mtima wakhala pansi. Koma a Sayansi_Basi, ndiye kuti popanda okosijeni chamoyo sichingapeze mphamvu olo pang'ono?

Sayansi_Basi
Chimapeza koma yochepa zedi. Gawo loyamba lophwanya gulukosi silifuna okosijeni ndipo limachitikira kunja kwa mitochondria, limapereka ma ATP 2 okha pa gulukosi mmodzi, pomwe okosijeni akakhalapo amatuluka pafupifupi 30 kapena 32. Mukathamanga mwaliwiro kwambiri minofu imafuna mphamvu msanga kuposa mmene magazi angabweretsere okosijeni ndiye imadalira njira yachiduleyi, mapeto ake m'minofumo mumachuluka asidi wotchedwa lactic acid, ndipo mukaima mumapumabe wefuwefu kwa kanthawi thupi likubwezeretsa zinthu m'malo mwake. Yisiti nayo imachita chimodzimodzi koma iyo imatulutsa mowa ndi kaboni dayokisaidi, mpweya umenewo ndi umene umafufumitsa buledi. Maselo ofiira a magazi ndiye amandiseketsa, ntchito yawo ndi kunyamula okosijeni koma okha alibe mitochondria, samugwiritsa ntchito olo pang'ono.

Tiya_F4
Pepani akulu, buku lathu la bayoloje likuti 38 osati 32, ndiye pa mayeso tilembe ziti?

Sayansi_Basi
38 ndi chiwerengero cha m'mabuku akale, chinawerengedwa ngati palibe mphamvu imene imatayika panjira, koma kulowetsa zinthu mu mitochondria kumadyanso mphamvu ndiye mabuku atsopano anatsitsa. Pa mayeso lemba zimene zili mu silabasi yanu, afunsenso aphunzitsi ako kuti ochonga amafuna iti.