Ka chikwama ka first aid ka mgalimoto ndi kuphiri: ndigule kokonzeratu kapena ndisonkhanitse ndekha?

WaKuChitakale

Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi ka Sienta kamene ndimayendera pakati pa Mulanje ndi Limbe, nthawi zambiri ndimadzera Midima koma ndikakhala ndi katundu wa ku Luchenza ndimazungulira ku Thyolo, ndiye kubwerera kwake kumakhala kutada kale. Komanso mu June alamu anga akubwera ndi ana awo awiri, akufuna tikakwere phiri la Mulanje kuyambira pa Likhubula kukagona ku hut (kanyumba kogona alendo kuphiriko) ya Chambe, mwinanso kufika ku ya Chisepo miyendo ikalola.

Ku Blantyre ndaona tizikwama tofiira tija tolembedwa first aid, tina tating'ono ngati ka pesi tina tokulirapo. Funso langa ndi loti kodi timeneti ndi tothandizadi? Ndigule kamodzi kazigwira ntchito konsekonse, kapena mgalimoto mukhale kake kuphiri kake? Amene mukudziwa ndithandizeni chonde, ana a weni akhala mmanja mwanga.

NamwinoWaThyolo

Achimwene mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama. Muwauze akutsegulireni kachikwamako mu shopu momwemo muone zamkati, musangowerenga nambala yalembedwa panjapo, chifukwa amawerenga pulasitala aliyense payekha ndi ka pini kalikonse kuti zioneke zambiri. Tambiri mwa timeneti ndi ta munthu amene wadzicheka chala ndi mpeni wa tomato. Pangozi ya pamsewu chimene chimatenga munthu msanga ndi kutaya magazi, ndipo apo ma pulasitala 50 sathandiza kanthu, pamafunika gozi (kansalu koyera koika pabala) wokula wambiri ndi bandeji yoti imange zolimba.

Ine ndikanakhala inu ndikanagula chikwama wamba chokhala ndi zipi, kapena kontena ya pulasitiki yotseka bwino, nkupita ku famase kukasankha ndekha. Magolovesi ambiri, mapeyala 5 kapena kuposa, poti pa minibasi savulala munthu mmodzi ndipo simudziwa magazi amene mukugwirawo. Gozi wa mmapaketi otseka. Mabandeji a kirepu otamuka aja, awiri kapena atatu, okula bwino. Pulasitala wa mpukutu, sizasi yoti ingadule jinzi osati ka chidole kaja amaikamo, ayodini, sopo, ndi madzi oyera a mbotolo otsukira bala. Chitenje choyera chochapa bwino chisasowe, chimakolekera mkono pakhosi, chimamanga, chimafunditsa, anthu anayi atha kunyamulirapo mwana.

Kagwiritsidwe kake nkofunika kuposa katunduyo. Magazi akamatuluka kwambiri ikani gozi pabalapo nkudinikiza ndi mphamvu zanu zonse mphindi 10 osasuzumira, akanyowa musachotse, onjezani wina pamwamba nkupitiriza. Thonje lisakhudze bala lenilenilo limakakamira, ife timavutika kulizula wodwala akulira. Wopsa ndi madzi a mu radiator muthireni madzi ozizira mphindi 20, Colgate ayi, dzira ayi, mafuta ophikira ayi. Wokomoka koma akupuma mugonekeni chammbali ndipo musammwetse kanthu.

Mankhwala akumwa musachulutse. Panado, Thanzi ORS mapaketi angapo, piriton wa njuchi ndi zoyabwa basi, koma piritoniyo amagonetsa ndiye woyendetsa asamwe. Aspirin musapatse ana kapena munthu amene akutaya magazi. Ndipo mapiritsi musamawasiye mgalimoto, ambiri amalembedwa kuti asungidwe posapitirira madigiri 25 kapena 30, pomwe galimoto yotseka itaima padzuwa la October mukudziwa nokha mmene imakhalira mkatimo. Ngakhale magolovesi amafika pong'ambika mukamavala ndipo pulasitala amasiya kumata. Chikwamacho chizikhala pansi pa mpando, osati pa dashibodi.

GaidiWaPaLikhubula

Amayi anamwino anena zoona zokhazokha, ine ndingowonjezera za kumtundaku poti ndi kumene ndimadyera. Bwana zikwama zikhale ziwiri. Cha mgalimoto chilemere mmene chingathere, koma cha kuphiri chikalemera mudzachipereka kwa wonyamula katundu, iye nkutsogola, ndiye mwana akadzagwa pa thanthwe chikwama chili kutsogolo uko. Kakhale kakang'ono, kali pamsana panu inuyo.

Kuno chimene timaopa ndi kuzizira ndi nkhungu, njoka ndi zapambuyo. June ndi July ndi nthawi ya chiperoni, mumanyamuka pa Likhubula dzuwa likuswa mtengo mwavala ka T-shirt, kufika kumtunda nkhungu yatseka moti mnzako ali apa sukumuona, kamvula kowaza kaja kakunyowetsani pang'onopang'ono mphepo nkumalizitsa. Sapitwa ndi mamita 3,002, usiku kumeneko madzi amatha kusanduka ayezi. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil amene anakwera ku Sapitwa yekha mu July anapezeka atamwalira patapita masabata, ndipo chinamutenga ndi kuzizira komweku. Anthu a kuno sitinaiwale.

Ndiye aliyense, ana omwe, akhale ndi jekete la mvula, juzi ndi masokosi ouma zokulunga mu jumbo, chipewa chotchinga makutu, tochi yake ya pamutu ndi wezulo pakhosi. Wezulo anthu amaipeputsa koma mawu a munthu amatha msanga ndipo pafupi ndi mtsinje samveka, pomwe wezulo mwana wotopa amathabe kuiliza. Muwauze anawo kuti akasochera aime pomwepo azingoliza, asamafunefune njira. Machesi muike mka botolo kouma kotseka, laita ina padera. Timabulangete topyapyala ta ngati siliva tija mukatipeza gulani, sitilemera, mukalephera pepala la pulasitiki lalikulu limatchinga mphepo ndi mvula bwinobwino. Mtedza, shuga, mabisiketi zikhale mthumba zoti simuzikhudza mpaka zitavuta.

Mukaona mwana wasiya kulankhula, akupunthwapunthwa, zipi ikumukanika kutseka, musadikire kuti mpaka tikafike ku hut. Imani pobisika mphepo, mvuleni zonyowa, valikani zouma, mfunditseni, mpatseni tiyi wotentha wa shuga ngati akutha kumwa yekha. Mowa ayi ndithu, kaya wina anene kuti umatenthetsa thupi, umachotsa kutentha komwe kwatsalako.

Zina ndi matuza ndi kubinya bondo kapena kakolo, makamaka potsika, ndiye kirepu imodzi ndi pulasitala wa mpukutu zikwere nawo. Nsapato zatsopano musayambire kuphiri. Netiweki imapezeka malo ena ena okha, power bank tengani koma musadalire foni. Lembetsani ku ofesi ya za nkhalango pa Likhubula ndipo tengani gaidi, sindikunena chifukwa ndi ntchito yanga, tengani wina aliyense wodziwika pamenepo. Mma hut muli alonda ndi nkhuni, koma chakudya ndi mankhwala ndi zanu.

DalaivalaWaMakwasa

Man musaiwalenso galimotoyo payokha. Ma triangle awiri, jeki, wilo sipanala, sipeya yoti ili ndi mpweya, chozimitsira moto, ma jampa, chingwe chokokera, tochi, ka jekete konyezimira ndi chigubu cha madzi cha malita 5. Mmakona a mma tiyi umu kukachita nkhungu usiku munthu woima pamsewu saoneka, triangle muziika kutali ndithu musanayambe kuthandiza aliyense, masamba okha sakwana. Ine ndimasunganso legeni yomangira munthu akalumidwa ndi njoka ndi ka mwala kakuda kaja koika polumidwapo.

NamwinoWaThyolo

Achimwene a ku Makwasa, za galimotozo ndagwirizana nazo zonse, koma legeniyo chonde isakhudze mwendo wa munthu. Kuno yoluma anthu kawirikawiri ndi mphiri, ululu wake umatupitsa ndi kuwononga mnofu pamalo pomwepo, ndiye mukamanga zolimba magazi nkusiya kuyenda mwendo umawola, munthu amene akanachira amakadulidwa. Ndazionapo ndi maso anga ndipo zimandiwawa chifukwa womangayo amakhala akufuna kuthandiza. Osatema mphini, osayamwa, ndipo mwalawo suchotsa ululu umangochedwetsa ulendo. Mukhazikeni mtima pansi, vulani mphete, wotchi ndi nsapato kusanatupe, mwendo umangiriridwe ku kamtengo mosathinitsa kuti usamagwedezeke, mnyamuleni asayende yekha, nkuthamangira kuchipatala chachikulu chimene chili pafupi, kaya pa Boma, kaya ku Malamulo, kaya ku Mulanje Mission. Njokayo isiyeni, musataye nthawi kuisaka.

Kumanga kothinitsa kuli ndi malo ake, pamene mkono kapena mwendo ukutulutsa magazi mothamanga ndipo kudinikiza kwakanika, koma pamafunika nsalu yotambalala osati chingwe, nkulemba nthawi imene mwamangira. Zimenezi ndi zophunzira ndi manja, a Red Cross amaphunzitsa first aid, kafunseni ku ofesi yawo ya mboma lanu.

WaKuChitakale

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonse papepala. Ndipanga ziwiri monga mwanenera, ndipo ma wezulo ndigula asanu. Mayi, nanga wa kabaza akagwa ndi njinga yamoto ndimuchotse helemeti? Amenewa ndi amene ndimakumana nawo kwambiri pa Nkando apa. Komanso madzi a mmitsinje ya kuphiri ana angamwe?

NamwinoWaThyolo

Helemeti isiyeni pomwepo ngati akupuma bwino, tsegulani galasi lokha, gwirani mutu ndi manja awiri usatembenuke ndipo letsani anthu kumukoka miyendo kapena kumuimika, khosi likhoza kukhala lathyoka. Muichotse pokhapokha akulephera kupuma kapena akusanza, ndipo muchite anthu awiri, wina atagwira khosi. Wa mgalimoto amene akudandaula khosi kapena msana nayenso musamutulutse mwachangu ngati palibe moto kapena ngozi ina.

Madziwo awiritseni ku hut kapena thiranimo WaterGuard monga alembera pabotolo nkudikira mphindi 30. Thanzi akatha mwana akutsegula mmimba, pa lita imodzi ya madzi abwino ikani masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya mchere, osasefukira. Muwafunsenso alamu anuwo ngati pali mwana wa asima kapena amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, inhela ikhale mthumba la jekete lake ina mchikwama chanu.

GaidiWaPaLikhubula

Ndi ana musaike Chisepo ndi Sapitwa pa pulogalamu yokakamiza bwana, kagoneni ku Chambe kaye muone mmene adzukire. Pa Likhubula mufike cha mma 7 mmawa kuti mukalowe mu hut dzuwa likadalipo, June kumada msanga.