Ng'anjo ya magetsi yakale yootchera zoumba ikugulitsidwa ku Lilongwe, ndigule kapena ndiisiye?

NaBanda (Senga Bay):
Anzanga ndithandizeni msanga, mwini wake wandipatsa mpaka Loweruka. Ng'anjo yotsekulira pamwamba, ili ku Lilongwe, munthuyo akuchoka m'dziko muno ndiye akugulitsa katundu yense. Pa kachitsulo kake palembedwa 9 kW, 400V 3N, 1300°C. Controller (kabokosi kolamulira kutentha) ilipo, mashelefu atatu, limodzi long'aluka. Vuto sangaiyatse kuti ndione, akuti nyumba yomwe akukhala ilibe three phase (magetsi a mawaya atatu amoto), ndiye yangokhala m'galaja. Pa chithunzi ma element (mawaya otenthetsa ng'anjo) awiri atuluka m'mizere yake akulendewera. Ine ndatopa nako kunyamula makapu osaotcha pa minibasi kukaotchetsa kwa eni ake, pofika uko zogwirira zathothoka, a ku loji akungoimba foni. Mtengo wake ukufanana ndi njinga yamoto ya kabaza. Kwathu kuno ndi single phase (waya umodzi wamoto). Nditani?

Aphiri (Nkhotakota boma):
Amayi, za ma element zisiyeni kaye, tiyambe ndi magetsi. 9 kW pa 230V ndi ma amp pafupifupi 39. Ng'anjo zina zolembedwa 3N (kutanthauza three phase ndi neutral) zimalola kusintha malumikizidwe kumbuyo kuti ziyende pa single phase, koma si zonse. Ikalola, pafunika waya wakewake wa 10mm kuchokera pa bolodi, buleka yake, ndi isolator (switchi yodulira magetsi) pafupi. Za soketi iwalani. Ndipo ikayaka, kukhitchini asayatse cooker. Apo ayi mukafunsire three phase ku ESCOM, ndalama inanso imeneyo. Kodi pafupi nanu pali chigayo cha magetsi? Chikakhalapo ndiye kuti mawaya a three phase sali patali.

Agogo Mwale (Benga):
Mwana wanga, ndalama imeneyo gula njerwa, umange ng'anjo ya nkhuni. Moto wa nkhuni suthima chifukwa cha mtengo wogwera pa mawaya. Amayi athu ankaotcha mitsuko ndi nkhali pabwalo ndi makungwa, zina tikutungira madzi mpaka lero.

NaBanda:
Agogo ndamva, koma a ku loji akufuna mbale ndi makapu a glaze (chopaka chonyezimira ngati galasi) oti azitsuka tsiku ndi tsiku. Moto wa pabwalo sufika pamenepo. Aphiri, chigayo chilipo koma kutsidya kwa msewu.

Agogo Mwale:
Sindinanene za pabwalo ine. Ndati ng'anjo, yokhala ndi chumuni. Ukaisonkhezera bwino imasungunula glaze.

Che Saidi (Chipoka):
Ine ndinalumidwapo, ndiye mverani. Yanga ndinagula kwa munthu wina amene analumbira kuti ndi yatsopano. Bisque (zootcha koyamba, glaze asanapakidwe) inkatuluka bwinobwino, 1000°C inkafika popanda vuto. Tsiku loti ndiotche stoneware (zoumba zolimba zofuna moto waukulu) pa cone 6 (muyeso wa kutentha kopitirira 1200°C), chinthu chija chinaima pa 1150 usiku wonse, mayunitsi akungotha. Tinasintha thermocouple (kachipangizo kopima kutentha), ayi ndithu. Tinasintha contactor (switchi yoyatsa ndi kuzimitsa ma element), chimodzimodzi. Kenako mnyamata wa magetsi anapima nthawi ya madzulo, anapeza 210V m'malo mwa 230. Mphamvu ya ng'anjo imagwa kwambiri kuposa momwe voteji yagwera, pa 210 mwataya pafupifupi 17 pa 100 iliyonse. Onjezerani ma element okalamba, cone 6 simudzaiona. Pimitsani kunyumba kwanu kaye, cha m'ma 6 koloko madzulo pamene aliyense akuphika, musanapereke ndi tambala yomwe.

Ndipo kuno kunyanja chinyezi si chocheza. Yanga malata a pansi anadyeka ndi dzimbiri, mwendo umodzi ndinachita kuwotcherera.

Aphiri:
Zoona zimenezo. Koma kupima ng'anjoyo sikulira kuti iyake. Pitani ndi munthu wa multimeter (kachipangizo kopimira magetsi). Ngati 9 kW yagawidwa patatu, gawo lililonse ndi 3 kW pa 230V, ndiye kuchokera pa phase kupita ku neutral muyembekezere ma ohm 17 kapena 18, koma apime kuseri kwa contactor, mbali ya ma element. Likaposa 19 ndi theka, ma element atopa. Likapanda kuwerenga kalikonse, ina yaduka. Mtengo wa atsopano muuchotse pa mtengo wa ng'anjo, chifukwa waya wa Kanthal wopangira ma element ambiri timaitanitsa ku Joni, ndiye ndi nkhani ya forex ndi kudikira.

Ma element olendewerawo musawakankhe ndi chala. Element ikaotchedwa kambirimbiri imauma, mukaipinda ili yozizira imangoti thyo. Amaitenthetsa kaye mpaka ifiire ndiye n'kuibwezera ndi pulayazi.

Mayi a Tadala (Salima boma):
Chomwe sanatchule wina aliyense: mufunse ankaotcheramo chiyani. Ng'anjo zakale zambiri zinaona glaze wa lead (mtovu, umene ndi poizoni), ndipo lead amalowerera m'njerwa zofewa za m'kati mwa ng'anjo. Inu mukufuna kupanga mbale zodyera alendo. Muyang'anenso pansi pake ngati glaze anadontherapo, chifukwa amadya njerwa, ndipo akakhudza element imapserera pomwepo. Ming'alu ing'onoing'ono isakuopseni, ng'anjo iliyonse ili nayo. Choopsa ndi mizere yogona ma element ikagumuka, ndi chivundikiro chomwe chikuyoyoka, fumbi lake limagwera pa mbale zanu glaze ali wosungunuka. Mbewanso! Ya mlamu wanga inakhala m'sitolo chaka, titatsekula bokosi la mawaya tinapeza chisa ndi ana ake momwemo.

Agogo Mwale:
Mwaona? Voteji, forex, mbewa. Nanga magetsi akathima uli pa 900 utani? Njerwa ndi nkhuni, basi.

Mayi a Tadala:
Agogo, nkhuni zake ziti? Mtolo wakwera mtengo, ndipo mukapezeka ndi za m'nkhalango ya Nkhotakota mukalongosola kwa a geemu. Magetsi akathima sutsekula chivundikiro, umangodikira. Akabwera msanga umapitiriza. Zimasweka ndi za anthu osapirira, amene amasuzumira moto usanatsike pa 573°C paja dothi limasintha msinkhu mwadzidzidzi.

Agogo Mwale:
Ine ndimadzala mitengo yanga. Ndipo utuchi ndi zitsononkho zimayaka.

Che Saidi:
Mukagula, a NaBanda, samalani ponyamula. Pa M14 potsika mapiri aja galimoto imagwedezeka, njerwa zofewa sizifuna zimenezo. Mashelefu atuluke, apite paokha. Pansi ikani matiresi, pakati pa chivundikiro ndi thupi lake ikani siponji, ndipo isagonekedwe cham'mbali. Anyamata okweza katundu asagwire pa bokosi la controller ngati chogwirira, anandithyolera thermocouple choncho. Za mayunitsi dziwani kuti ikamakoka mphamvu yonse imadya 9 pa ola, ngakhale kumayambiriro imayaka n'kumazima.

NaBanda:
Zikomo nonse. Ndamutumizira uthenga za lead sanayankhe. Wa multimeter ndimupeza kuti ku Lilongwe woti sakandinamiza?

Aphiri:
Tengani wanu wa konkuno, mumulipirire basi. Akaonenso ngati thermocouple ndi type K kapena S. Ya K siikhalitsa mukamaotcha pamwamba pa 1200 kawirikawiri.

Che Saidi:
Tili pomwepa, alipo amene ali ndi ma cone 6 (tizipilala toika m'ng'anjo tosonyeza kuti moto wakwana) otsala? Ndingosinthana naye ndi kiln wash (yopaka pa mashelefu kuti glaze asamatirire), ndili nayo yambiri.

Agogo Mwale:
Ine sindigwiritsa ma cone. Ndimaona mtundu wa moto pa kabowo.