Kodi viniga ndi soda zingalowe m'malo mwa jiki poyeretsa sukulu?

Nabanda:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Sukulu ya ana aang'ono ikufuna kuchepetsa mankhwala otsukira chifukwa fungo lake limatsokomoletsa ana, makamaka odwala mphumu, komanso madzi okolopera amathera m'ngalande. Koma sitikufunanso kuti matenda otsekula m'mimba aziyendayenda m'makalasi. Ena akuti viniga ndi soda n'zokwanira, ena akuti popanda jiki palibe chimene chafa. Choona n'chiti? Ngati jiki akufunikabe, tizimusungunula motani?

Phiri:
Mayi Nabanda, pali ntchito ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Sopo ndi madzi zimachotsa litsiro, mafuta ndi majeremusi ambiri. Mankhwala amabwera kudzapha otsala. Klorini amene ali mu jiki akakumana ndi litsiro mphamvu yake imathera pomwepo, ndiye kumuthira pa desiki lakuda n'kungomutaya. Sopo aziyamba nthawi zonse.

Malo ambiri pasukulu safuna n'komwe mankhwala. Pansi pa makalasi, makoma, mawindo ndi mashelefu, sopo yekha wakwana. Mankhwala asungireni pamene manja ambiri amagwira: zogwirira zitseko, mipopi, zogujumulira ndi zokhalira za m'zimbudzi, ndiponso pamene pagwera magazi kapena masanzi. Mukatero mupeza kuti botolo limodzi likukhalitsa, ndipo opita m'ngalande achepa.

Tsono muyezo. Malangizo a 2020 a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati klorini wa 0.1% pa malo ogwiridwa kawirikawiri, ndipo wa 0.5% pa magazi ndi zina zotuluka m'thupi zikakhala zambiri. Werengani pa botolo mphamvu ya jiki wanu, muigawe ndi mphamvu imene mukufuna, muchotsepo 1. Chotsalacho ndi makapu a madzi pa kapu imodzi ya jiki. Wa 5% amafuna makapu 49 kuti akhale 0.1%, kapena 9 kuti akhale 0.5%. Wa 3.5% amafuna 34 kapena 6. Ngati muli ndi ufa wa klorini wotchedwa HTH wa 70%, masupuni aakulu awiri, omwe ndi magalamu pafupifupi 29, m'malita 20 amapereka 0.1%; takasani, dikirani theka la ola kuti nsenga zikhale pansi, mugwiritse ntchito madzi oyera apamwambawo.

Madzi akhale ozizira, chidebe chikhale cha pulasitiki, chovundikira, chosalowa kuwala. Klorini amadya chitsulo, ndipo dzuwa ndi kutentha zimamufooketsa. Sungunulani wa tsiku lomwelo basi, chifukwa wogona simungadziwenso mphamvu yake. Chimene ambiri amaphonya ndi nthawi: pamalopo pazikhala ponyowa kwa mphindi imodzi kapena kuposerapo. Kuthira n'kupukuta pomwepo ndi kungosiya fungo.

Chisale:
A Phiri anena zoona, ine ndiikepo za viniga. Wa m'khitchini amakhala ndi asidi pafupifupi 5%. Amasungunula bwino zoyera zouma zimene madzi amasiya pa mipopi ndi m'masinki, ndipo amawalitsa magalasi, koma musamudalire kuti apha majeremusi m'chimbudzi cha ana mazana. Amadyanso simenti ndi miyala ya marble. Soda ndi wabwino pokwecha ndi kuchotsa fungo. Mukaziphatikiza ziwirizi zimachita thovu lochititsa chidwi, koma kwenikweni zikuthetsana mphamvu, chotsala ndi madzi amchere.

Choopsa n'chakuti sukulu ikayamba kusunga viniga ndi jiki m'kabati imodzi, tsiku lina wina adzazithira m'ndowa imodzi. Jiki akakumana ndi asidi, kaya viniga kaya mankhwala ena otsukira mbale za zimbudzi, amatulutsa mpweya wa klorini umene umawotcha maso ndi mapapo. Akakumana ndi ammonia, amene amapezekanso mu mkodzo, amatulutsa mpweya wina wapoizoni wotchedwa chloramine. N'chifukwa chake pokodzera pamafunika kutsukuluza ndi madzi kaye. Jiki amasakanizidwa ndi madzi okha, ndipo lembani zimenezi pa chitseko cha kabatiyo.

Amene akufuna kusiyiratu jiki ayang'ane mankhwala a hydrogen peroxide. Akatha ntchito amasanduka madzi ndi okosijeni. Amasungidwa m'botolo lake lakuda lomwelo, ndipo nthawi yodikira imasiyana, tsatirani zolembedwa pa botolo. Pa makompyuta ndi mafoni, spiriti wa 70% pa kansalu ndi wokwana, koma amayaka moto. Amene ine sindingawasankhe pamene pali ana a mphumu ndi aja okhala ndi benzalkonium chloride ndi anzake, komanso onse onunkhiritsidwa kwambiri. Fungo la ndimu si umboni wa ukhondo.

Kupopera mankhwala m'kalasi siyani. WHO yomweyo sinavomereze zimenezo: timadontho timauluka n'kupumidwa, pomwe litsiro likadali pomwepo. Nyowetsani nsalu, mupukute.

Nangondo:
Zipangizo nazo. Nsalu za microfibre, zija za ulusi wopyapyala kwambiri, zimatola litsiro ndi madzi ochepa, koma zikhale zamitundu: mtundu wa kuchimbudzi usafike pa madesiki. Pindani kawiri kuti mukhale ndi mbali zisanu ndi zitatu, mbali ikada mutembenuze. Pochapa musathire zofewetsa zovala, zimatseka ulusi. Nsaluzi ndi pulasitiki ndipo pochapidwa zimataya tiulusi m'madzi, choncho gulani zolimba zochepa m'malo mosinthasintha.

Pokolopa pakhale ndowa ziwiri, ya sopo ndi yotsukuluzira, apo ayi kalasi yachitatu mukuipaka matope a yoyamba. Chokolopera chichapidwe n'kuyanikidwa. Chogona m'ndowa chimaswa majeremusi. Ikani zopondera pa makomo, wazani timadzi musanasese, ndipo gwirani ntchitoyi ana ataweruka, mawindo ali otsegula. Klorini wotsala musamuthire mumtsinje kapena wambiri nthawi imodzi mu septic tank (dzenje lolandira zonyansa za m'zimbudzi zogujumula), chifukwa amapha mabakiteriya amene amawoletsa zonyansa.

Nabanda:
Zikomo nonse. Nanga mwana akasanza m'kalasi anzake ali momwemo?

Phiri:
Apa musanyengerere, Mayi. Tulutsani ana, tsegulani mawindo, ndipo wotsuka akhale munthu wamkulu wovala magolovesi ndi chotchinga pakamwa ndi mphuno. Vundikirani masanziwo ndi mapepala kapena utuchi kuti amwerere, wolani ndi katoni, mumange m'jumbo. Tsukani ndi sopo, kenako thirani klorini wa 0.5% kufikira madesiki oyandikana nawo, chifukwa timadontho timafalikira patali kuposa pamene maso akuona. Dikirani mphindi zisanu, tsukuluzani ndi madzi, pouma ana abwerere. Spiriti musamudalire pano: kachilombo ka norovirus, kamene kamakonda kuyambitsa kusanza m'masukulu, sikafa msanga naye. Pa chifukwa chomwecho wotsukayo asambe m'manja ndi sopo kwa masekondi 20, osati kungopaka sanitaiza.