Barry Alvarez ameneyu anali kochi kapena bwana wa makochi?

Wobwera_Dzulo:
Abale ndithandizeni, ndangoyamba kumene sukulu kuno ku yunivesite ya Wisconsin ku Madison, ku America, nde paliponse dzina ndi Barry Alvarez, mpaka chiboliboli chake chili panja pa bwalo la mpira la Camp Randall. Ena akuti anali kochi ena akuti athletic director, zoona nziti? Mpira wake womwewo wogwira ndi manja uja, American football, sindinaumvetsebe.

Mjomba_Chicago:
Zonse ziwiri mphwanga. Ukochi anauyamba 1990 timu ya Wisconsin ili pansi zedi, sizoni yoyamba anawina gemu imodzi yokha nkuluza 10, koma pofika Januwale 1994 anakatenga Rose Bowl, gemu yaikulu yakumapeto kwa sizoni ya mayunivesite, ku Pasadena atathibula UCLA, kenako nkubwerezanso 1999 ndi 2000 motsatizana, nthawi imeneyo ali ndi Ron Dayne chimnyamata chija chinawina Heisman, mphoto ya pleya wopambana m'mayunivesite, mu 1999, ukachigwira chimangopitabe nawe. Asanabwere kumeneko amayang'anira difensi ku yunivesite ya Notre Dame pansi pa Lou Holtz, chaka chomwe anatenga chikho cha dziko lonse mu 1988.

NaPhiri_wa_Mabuku:
Kuwonjezera pa zomwe anena achimwenewa, athletic director ndi bwana wa masewero onse payunivesite, basketball, hockey, volleyball, kusambira, zonse. Iyeyo ndi amene amalemba makochi ntchito, kuwachotsa, kusaka ndalama. Alvarez anatenga mpandowo 2004 akadali kochi, ndiye kwa zaka ziwiri anali bwana wa iye mwini kkkk. Atasiya ukochi kumapeto kwa sizoni ya 2005 anasankha yekha Bret Bielema kuti alowe mmalo mwake.

Mjomba_Chicago:
Achemwali mwasiya pokoma. Disembala 2012 Bielema anathawira ku Arkansas timu itatsala pang'ono kupita ku Rose Bowl, anyamata anakamupempha mdalayo, anatsika mu ofesi nkukaimanso pabenchi. Analuza ndi Stanford 20-14. 2014 zomwezo, Gary Andersen yemwe analowa mmalo mwa Bielema wapita ku Oregon State, mdala wabwereranso, ulendo uno anagonjetsa Auburn 34-31 mu overtime.

Kamdothi77:
Ine pamenepo mpomwe ndimakayikira. Makochi awiri kuchoka pa zaka ziwiri timu ikuwina, simukuona kuti kugwira ntchito pansi pa munthu yemwe chiboliboli chake ukuchidutsa tsiku lililonse nkovuta? Bielema yekha anadandaulapo za malipiro a othandizira ake.

Wobwera_Dzulo:
Eee zikomo akuluakulu. Nde panopa akadali pampando?

NaPhiri_wa_Mabuku:
Ayi anapuma 2021, analowa mmalo ndi Chris McIntosh yemwe anali pleya wake kale. Pita ukaonere gemu Loweruka, koma uvale zofiira.