Lipoti langa la mayeso a ntchito ya venture capital alibweza: ndinalakwitsa pati?

Mlangizi wa ku Kasungu:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu. Ndinayamba ngati wolemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo kwa zaka 6 tsopano ndakhala ndikulangiza makopaletivi a alimi a soya ndi mtedza kuno ku Kasungu pa kasungidwe ka mabuku ndi kapezedwe ka misika. Mwezi watha ndinafunsira ntchito ku kampani ina yakunja ya venture capital (yoika ndalama m'mabizinesi ongoyamba kumene pogulamo masheya) imene ikufuna munthu woifufuzira mabizinesi m'Malawi ndi ku Zambia. Anandiuza kuti ndilembe lipoti lonena ngati n'koyenera kuika ndalama mu kampani yaing'ono yolumikiza alimi ndi ogula mbewu kudzera pa foni. Ndinalemba masamba 12 ofotokoza zofooka za kampaniyo ndi njira zozikonzera, koma andiyankha kuti limeneli ndi lipoti la mlangizi, osati la woika ndalama. Andipatsa masabata awiri kuti ndilembenso.

Mayi wowerengera za chuma, kwawo ku Mchinji:
Achimwene, sanakunyozeni, akuuzani zoona. Mlangizi amalipidwa akasonyeza pamene pakudontha, pomwe woika ndalama amafunika kunena kuti inde kapena ayi, n'kudzasenza yekha zotsatira zake. Kumbukirani mmene thumba la venture capital limayendera. Ndalamazo si za oliyendetsa, koma za mabungwe ndi anthu olemera amene amaziika kwa zaka pafupifupi 10. Oyendetsa amatengapo kawirikawiri 2 peresenti pa chaka yoyendetsera ofesi, ndi 20 peresenti ya phindu pamapeto, ngati phindulo lilipo. Makampani ambiri amene thumba limagulamo masheya amafa kapena amangobweza zimene anapatsidwa, choncho imodzi kapena ziwiri ndi zimene zimayenera kukula kwambiri mpaka kukwirira maenje a zinzake zonse. Funso limene akufuna muyankhe pa tsamba loyamba ndi ili: kodi kampaniyi ingakule mpaka kubweza ndalama zawo kakhumi kapena kuposa, nanga adzagula masheya awo ndani?

Wa mapulogalamu, Mchinji Boma:
Ndiwonjezepo pa zimene anena mayiwa. Thumbalo limawerengera m'madola, pamene kampaniyo ikupeza makwacha. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Kampani imene malonda ake anakwera ndi 40 peresenti chaka chimenecho inali itabwerera m'mbuyo m'maso mwa mwini madola. Ngati m'lipoti lanu mulibe zimenezi, aona kuti simunaganize ngati iwo. Nkhani ya wodzagula masheya awo ndi yovutanso. Paystack, kampani ya ku Nigeria yothandiza kulipira pa intaneti, inagulidwa ndi kampani yaikulu ya Stripe mu 2020, koma msika wathu ndi waung'ono, ndipo pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange pali makampani osafika 20, ambiri mwa iwo akuluakulu monga mabanki. Fufuzani ngati kampaniyo ingathe kuoloka pa Mwami n'kukagwira ntchito ku Chipata, chifukwa alimi a kumeneko amalima mbewu zomwezi ndipo amalankhula chinenero chathu.

Mlangizi wa ku Kasungu:
Zikomo kwambiri. Za kwacha sindinazitchule n'komwe. Komabe ndili ndi nkhawa: ndikawerengera motere, yankho likupendekera koti ayi, ndipo mtima wanga sukufuna kukhala ine wotsekera khomo achinyamata anzathu amene akuyesetsa.

Mayi wowerengera za chuma, kwawo ku Mchinji:
Nkhawa imeneyo ndikuimva, ndipo si yochititsa manyazi. Koma musafulumire kunena ayi musanagwiritse ntchito chimene inu muli nacho, chomwe munthu wokhala mu ofesi ku Nairobi alibe. Inu mukudziwa zimene zimachitika mu April ndi May, pamene mavenda amapachika masikelo m'midzi n'kumalipira pompopompo, mlimi ali ndi ngongole ya ku banki m'khonde ndi fizi ya mwana. Mlimi wotero angalembetse pa foni lero, mawa n'kugulitsa soya wake pakhomo. Choncho chiwerengero cha alimi olembetsa chimene eni kampani akupatsani chilibe phindu kwenikweni. Afunseni kuti ndi alimi angati anagulitsadi kudzera mwa iwo nyengo ziwiri zotsatizana, amalipidwa patapita masiku angati pa Airtel Money kapena Mpamba, ndiponso kampaniyo imatsala ndi ndalama zingati pa thumba la makilogalamu 50 ikachotsa mayendedwe. Mayankho akakhala ofooka, lembani ayi mosabisa, ndipo munene kuti bizinesi yotere ingayenerere ngongole yogulira mbewu, osati venture capital. Kutero ndi kuwathandizanso eni akewo, chifukwa ndalama zamtunduwu zimabwera ndi chikakamizo choti ukule msanga, chimene chingaphe bizinesi imene ikanayenda bwino pang'onopang'ono.

Wa mapulogalamu, Mchinji Boma:
Pa mbali ya luso lanu lakale, pemphani kuona pulogalamuyo. Ngati imafuna foni yamakono ndi intaneti, alimi ambiri a ku Chamama kapena ku Mkanda kuno ku Mchinji sadzaigwiritsa ntchito. Onani ngati ili ndi njira ya USSD, ija yongoimba manambala pa foni wamba popanda intaneti. Chinanso, akulu, musasiye makasitomala anu musanasaine kontilakiti. Ntchito zimenezi n'zochepa, zambiri zili ku Lagos, Nairobi, Cairo ndi ku South Africa, ndipo wongoyamba kumene sapatsidwa kawirikawiri gawo la phindu lija, lomwe limabweranso patapita zaka zambiri. Mufunse ngati malipiro adzakhala a madola kapena a makwacha.

Mlangizi wa ku Kasungu:
Ndamva, ndipo ndathokoza nonse. Mafunso atatu aja ndawatumiza kale kwa eni kampaniyo. Loweruka ndipita ku Santhe kukacheza ndi alimi amene ali pa mndandanda wawo, kuti ndimve kumene anagulitsa soya wa chaka chatha. Lipotilo ndilifupikitsa likhale masamba atatu, chigamulo chili pamwamba. Mayi, ngati mungalole, ndidzakutumizirani Lachiwiri kuti muone mawerengedwe a madola ndisanalipereke.

Mayi wowerengera za chuma, kwawo ku Mchinji:
Tumizani, achimwene. Muikemo mawerengedwe awiri, amodzi pa mtengo wa dola wa lero, ena poyerekeza kuti kwacha yatsikanso.